Mkuyu ndi Nyerere: Mbiri ya Mtsikana wa M'nthano ndi M'mabuku

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu sutchula mwamuna kapena mkazi, pakuti umachenjeza munthu aliyense wotengeka ndi zooneka ndi maso. Komabe womvetsera bwino pamene mwambiwu ukuponyedwa pabwalo, m'kalasi kapena m'nkhani zolembedwa apeza kuti kawirikawiri umagwera mtsikana wongotha kumene msinkhu. Iye ndiye amasanduka mkuyu, ndipo nyerere zimafunidwa mwa iye. Chizolowezi chotere sichidayambe dzulo. Chidachokera pamoto wa madzulo pamene agogo ankasimba nthano, chidalowa m'mabuku a kumishoni ndi a kusukulu, ndipo chidayamba kugwedezeka pamene atsikana a m'nkhani adapatsidwa mpata woti adzisimbire okha. Mbiri imeneyi njofunika kwa makolo ndi aphunzitsi, chifukwa m'mera mpoyamba, ndipo mwana amayamba kudziyeza ndi anthu a m'nthano asanadziwe n'komwe kukula kwa dziko.

Pamoto wa madzulo

Kale, ntchito za tsiku zikatha ndipo nsima ya madzulo yadyedwa, ana ankasonkhana kukuka kwa agogo awo aakazi. Gogo akati "Padangokhala," ana ankavomera kuti "Tili tonse," ndipo sukulu ya usiku inkayambira pomwepo. Mwa nthano zokhudza anamwali, yodziwika kwambiri ndi ya mtsikana wokana amuna.

M'mudzi wina mudali namwali wokongola amene ankakana mnyamata aliyense wobwera kudzamufunsira. Uyu ankati ngwamfupi, uyo ngwosauka, winayo ngwa mano oipa. Tsiku lina kudafika mlendo wa maonekedwe osiririka, wosadziwika kwawo, ndipo namwaliyo adamulola nthawi yomweyo. Makolo adayesa kumuletsa koma adagonja, monga mwa mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Pamene mlendoyo ankapita naye kwawo, kamlongo ka namwaliyo, kamnyamata kodwala maso, kadawatsatira m'mbuyo ngakhale kuti mkwatibwi ankakathamangitsa chifukwa cha manyazi. Atafika, kamnyamatako adakagoneka m'khola la nkhuku. Usiku kadaona mlamu wake ndi abale ake atasanduka afisi, akuzungulira nyumba ndi kupangana zodzadya mkwatibwi akanenepa. Namwaliyo sadakhulupirire mpaka pamene kamlongo kake kadamumanga chingwe kuchala cha kuphazi ndi kumudzutsa pakati pa usiku kuti adzimvere yekha. Pamapeto pake kamnyamatako kadasema chinguli, awiriwo adalowa m'nsengwa, ndipo adauluka mpaka kukatera kwawo, namwali ali wamanyazi pamaso pa mudzi wonse. Alice Werner, mayi wa ku Ulaya amene adakhalako m'dziko la Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, adailemba nthanoyi m'buku lake lotuluka m'chaka cha 1933, ndipo mpaka lero imasimbidwa mosiyanasiyana malinga ndi dera.

Chenjezo la nthanoyi lidali ndi maziko ake. Pakati pa Achewa mwamuna ndiye ankapita kuchikamwini, ndipo ukwati unkamangidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Namwali wotengedwa ndi munthu wopanda nkhoswe adalibe womuyankhulira zinthu zikavuta. M'zaka za m'ma 1800, pamene malonda a akapolo adali m'chimake ndipo anthu ankawolotsedwa nyanja padoko la Nkhotakota, kutsatira mlendo wosadziwika kudali kusewera ndi moyo. Agogo osimba nthanoyi ankafuna kuteteza adzukulu awo, ndipo palibe angawadzudzule pa chimenecho.

Komatu nthano imaphunzitsa zambiri kuposa zimene wosimba amafuna. Mwana womvetsera ankatolamo kuti mtsikana wodzisankhira mwamuna ndi wodzikuza, kuti maso a mtsikana sachedwa kunyengedwa, ndiponso kuti nzeru zopulumukira zimachokera kwa mwana wamwamuna ngakhale akhale wamng'ono ndi wodwala. Fisi, mwini chinyengo chonse, salandira chilango chilichonse. Amangotsala kukamwa kuli yasa, ndipo manyazi onse amasenzedwa ndi namwali.

Nthano ya Kamdothi, imene ambiri amaisimba ngati ya mwana wamkazi, imayenda njira yomweyo. Mayi wosabereka adaumba mwana ndi dothi ndi kumulangiza kuti asamapite kutali, kuopa mvula. Mwanayo atatengeka ndi masewera a anzake, mvula idamupeza panjira ndipo adasungunuka. Nthano inanso yofala m'mayiko ambiri a kuno imaika atsikana awiri pamaso pa nkhalamba ya zilonda. Woleza mtima ndi womvera amabwerera kwawo ndi chuma, pamene wamwano amabwerera ndi mtanga wa njoka. M'nthano zonsezi mtsikana wabwino amadziwika ndi kumvera, ndipo woipa amadziwika ndi kufuna zake.

Tsono nthano zimenezi ziyikidwe pambali pa nthano za Kalulu, amene nthawi zonse amasimbidwa ngati mwamuna. Kalulu amakana kukumba nawo chitsime, amanamiza Njovu, amapusitsa Fisi ndi Mkango, ndipo ana amamuombera m'manja. Kusamvera kwake kumatchedwa kuchenjera. Kusamvera komweko kukapezeka mwa namwali kumathera m'mano a fisi kapena m'matope a mvula.

Mwambo unkadziwa zambiri kuposa nthano

Chodabwitsa n'chakuti moyo weniweni wa m'mudzi sunkamuchepetsa mwana wamkazi motere. Pakati pa Achewa mtundu umayenda kuchikazi. Kubadwa kwa mtsikana kunkatanthauza kuti mbumba ikula ndipo mudzi sudzafa, pakuti ana ake ndi adzukulu ake adzakhala pomwepo. Mbiri ya ufumu wa Maravi imatchula Nyangu, mayi amene mafumu a udindo wa Kalonga ankachokera m'bele lake. Pakachisi wa ku Msinja padali Makewana, mayi woyang'anira mapemphero a mvula, amene ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano. Kutsimba namkungwi adali ndi ulamuliro umene ngakhale amuna aakulu ankaulemekeza.

Ngakhale pantchito za tsiku ndi tsiku, namwali wa zaka 14 kapena 15 ankadziwa kusinja, kupeta, kutunga madzi kutali, kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, ndi kusunga ang'ono ake amayi akapita kumaliro kwa masiku angapo. Munthu wotere sangalephere kuzindikira fisi mpaka kudikira kamnyamata ka m'khola la nkhuku. Apa mpoonekeratu kuti nthano idasankha mbali imodzi yokha ya mtsikana, mbali imene inkadetsa nkhawa akuluakulu, ndipo mbali zina zonse idazisiya kunja.

Nthano zilowa m'buku

Kulemba kudafika ndi amishoni. A Livingstonia adayamba ntchito yawo m'chaka cha 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 asanafike ku Nkhoma. Sukulu zawo zinkalandira ana onse, koma opita patali ndi maphunziro ambiri adali anyamata, amene ankakonzekeretsedwa kukhala aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki. Atsikana ankaphunzitsidwa makamaka kusoka, kuphika ndi kusamala pakhomo. Sukulu zoyamba za sekondale, ku Blantyre ndi ku Zomba, zidatsekulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo mipando yake yoyamba idakhalidwa ndi anyamata. Motero cholembera chidayamba kugwidwa ndi amuna, ndipo iwo adalemba za dziko monga momwe ankalionera.

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adapata mphotho pampikisano wa alembi a zilankhulo za mu Africa ndi buku lake lotchedwa Nthondo, limene lidatuluka mu 1933 ndipo Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934. Nthondo ndi mnyamata wosokonekera. Amaba, amavutitsa anthu, amapita kunja kukafuna ntchito, koma pamapeto pake amabwerera kwawo, amalowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Zolakwa zake zimakhala njira yomufikitsa kunzeru. Buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, limene mibadwo yambiri ya ana a sukulu idaliwerenga, nalonso limatsata ulendo wa amuna awiri apachibale. Ulendo, ntchito, mkangano ndi kulapa zidali za mpangankhani wamwamuna. Mtsikana ankaonekera m'mbali mwa njira, monga wodzakwatiwa kapena monga chiyeso.

Chitsanzo chomveka bwino chili m'buku la Chingerezi la Legson Kayira lotchedwa Jingala, lotuluka mu 1969. Jingala ndi bambo wachikulire, wopuma pantchito yokhometsa msonkho, amene mkazi wake adamwalira. Iye adatomera kamtsikana kotchedwa Liz ndipo akudikira kuti kakule adzakakwatire, uku akulimbana ndi mwana wake Gregory amene akufuna kukhala wansembe. Pamapeto pake Liz akuthawa ndi mwamuna wobwera kuchokera kumigodi. Kayira adalemba mwaluso ndipo sadabise kupusa kwa nkhalambayo. Komabe nkhani yonse ndi ya Jingala: kunyada kwake, mantha ake ndi kugwa kwake. Liz ali ngati munda umene amuna awiri akukanganirana malire, ndipo za mumtima mwake zimamveka pang'ono chabe poyerekeza ndi za mwamuna womutomerayo.

Mabuku a kutali amene adafika m'makalasi a kuno adali ndi chithunzi chofananako. Kampani ya Heinemann idayamba mndandanda wa mabuku a alembi a mu Africa m'chaka cha 1962, ndipo loyamba lidali Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria, limene lidasindikizidwa koyamba mu 1958. M'bukuli muli Ezinma, mwana wamkazi wa Okonkwo, wanzeru ndi wolimba mtima kuposa abale ake aamuna. Bambo wake amamukonda kwambiri, koma chikondi chakecho amachionetsa podandaula mobwerezabwereza kuti mwanayo akadabadwa mwamuna. Mu The River Between, buku la Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya lotuluka mu 1965, muli Muthoni, mwana wa mlaliki Joshua. Muthoni akufuna kukhala Mkhristu komanso mkazi wokwanira monga mwa mwambo wa Agikuyu, choncho akuthawa kwawo kukachita mdulidwe wa akazi, ndipo chilonda chake chikumupha. Imfa yake ikusanduka mutu wa mkangano pakati pa amishoni ndi osunga mwambo. Muthoni ndi mtsikana wolimba mtima ndithu, koma monga Kamdothi, wadutsa malire ndipo nkhani yamuchotsa msanga, amuna n'kutsala akutsutsana za tanthauzo la imfa yake.

Mtsikana wa sukulu ndi chidyamakanda

Dziko la Malawi litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, atsikana opita kusekondale ndi m'tauni adayamba kuchuluka, ndipo nkhawa ya akuluakulu idasamukira kumeneko. Boma la nthawi imeneyo lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo mu 1968, ndipo mu 1973 lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi oonetsa mawondo. Mtsikana wa sukulu akapezeka ndi pakati ankachotsedwa, osadzabwereranso. Mlembi wosafuna mavuto ndi boma ankapewa ndale, ndipo nkhani yosaopsa kulemba idali ya makhalidwe a achinyamata.

Motero nthano ya fisi idavala zovala zatsopano. Aliyense amene adawerenga nkhani zazifupi za m'nyuzi kapena kuonera zisudzo za ana a sukulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akuidziwa bwino njira yake. Mtsikana wanzeru wa kumudzi wasankhidwa kupita kusekondale, makolo agulitsa mbuzi kuti alipire fizi. Kutauni akumana ndi bambo wa galimoto, chidyamakanda, amene amugulira nsapato ndi mafuta odzola. Mtsikana ayamba kunyoza makolo ndi kuiwala mabuku. Kenaka mimba, kuchotsedwa sukulu, bambo uja n'kumukana, ndipo nkhani ithera pamanda kapena pakhonde la amayi ake ndi mwambi wakuti madzi akatayika saoleka. Matenda a Edzi atapezeka m'dziko muno mu 1985, mathero a nkhani zotere adangowonjezera kuwawa.

Palibe angakane kuti zoterezi zinkachitikadi. Vuto lidali pa kagawidwe ka mlandu. Bambo wa galimoto, wamkulu msinkhu, wapabanja ndi wodziwa chimene akuchita, ankatuluka m'nkhani ali bwinobwino monga fisi uja. Lamulo lochotsa mtsikana sukulu silinkafunsidwa ngati lidali lolungama. Umphawi umene unkachititsa nsapato kukhala chinthu chachikulu sunkatchulidwa ngati wolakwa. Anthu ankangoti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo chala chinkaloza mwana wa zaka 16. Pambali pa mtsikana wogwayo nthawi zambiri pankaimikidwa mnzake wofatsa, wosayankha akulu, amene mphotho yake inkakhala ukwati wa mutchalitchi. Mtsikana wowerenga ankapatsidwa magalasi awiri okha oti adziyang'anirepo, ndipo ambiri sankadziona mu lililonse la awiriwo.

Akazi agwira cholembera

Kusintha kudayamba pamene akazi adayamba kusindikiza mabuku awo. Flora Nwapa wa ku Nigeria adatulutsa Efuru mu 1966, buku loyamba la mlembi wamkazi pamndandanda wa Heinemann uja. Kuno ku Malawi, Walije Gondwe adatulutsa Love's Dilemma mu 1985 pamndandanda wa Pacesetters wa kampani ya Macmillan, timabuku timene achinyamata a m'masekondale ankabwerekana mpaka zikuto kuthothoka, ndipo iye amadziwika monga Mmalawi wamkazi woyamba kusindikiza nthano yaitali. Pankhani ya mtsikana wongotha msinkhu, mabuku atatu ochokera kunja ndi amene akuonetsa bwino mmene zinthu zidatembenukira.

Loyamba ndi The Bride Price la Buchi Emecheta, lotuluka mu 1976. Aku-nna, amene dzina lake limatanthauza chuma cha bambo, ali ndi zaka 13 pamene bambo wake akumwalira mumzinda wa Lagos. Banja likubwerera kumudzi ku Ibuza, kumene mbale wa malemuyo akulowa chokolo ndipo akuyembekezera kulemera ndi malowolo a mtsikanayo. Aku-nna akukondana ndi mphunzitsi wake Chike, wa banja lonyozeka chifukwa makolo ake akale adali akapolo. Mnyamata wina akumuba kuti amukwatire mokakamiza, koma iye akudzipulumutsa ndi nzeru zake ndi kuthawa ndi Chike. Bambo womulera uja akukana kulandira malowolo, ndipo Aku-nna, wofooka m'thupi ndi wogwidwa ndi mantha a chikhulupiriro chakuti mkazi wosalipiridwa malowolo amafa pobereka, akumwaliradi pobereka mwana wake woyamba. Pongoona mathero, wina angati iyi ndi nthano ya fisi yomwe ija. Koma Emecheta akutsiriza poonetsa mmene anthu a ku Ibuza adatengera imfa imeneyi ndi kuisandutsa nthano yoopsezera atsikana ena. Woliwerenga wakhala ndi Aku-nna kuyambira pachiyambi, akudziwa amene adamulakwira, ndipo akuona ndi maso ake mmene nthano yochenjeza imapangidwira: amachotsamo dyera la akuluakulu, n'kusiyamo kusamvera kwa mwana.

Lachiwiri ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, lotuluka mu 1988, limene lidapata mphotho ya alembi a mayiko a Commonwealth m'chigawo cha Africa mu 1989. Nkhaniyi ikuchitika m'dziko la Rhodesia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo woisimba ndi mtsikana mwini wake, Tambudzai. Ndalama za fizi zitachepa, makolo akusankha kuphunzitsa mlongo wake Nhamo. Tambudzai akulima kamunda kake ka chimanga kuti adzilipirire, Nhamo akumubera chimangacho ndi kugawira anzake, ndipo iye akumugwira ndi kumenyana naye anthu akuona. Mwayi wopita kusukulu ya mishoni, kumene bambo wake wamkulu ndi mphunzitsi wamkulu, ukumupeza pokhapokha Nhamo atamwalira, ndipo Tambudzai sakunamizira chisoni chimene alibe. Kumishoniko akukhala ndi Nyasha, mwana wa bambo wamkuluyo, amene adakulirako ku England. Nyasha amawerenga kwambiri, amayankha bambo wake, ndipo pamapeto pake akudwala matenda okana chakudya chifukwa cha kupanikizika mumtima. Mlembi wakale akadamuika Tambudzai kukhala mtsikana wabwino ndi Nyasha woipa. Dangarembga adakana kuwagawa motero. Tambudzai ali ndi dyera ndi mantha ake, Nyasha ali ndi chilungamo ndi mabala ake, ndipo awiriwo amakondana. Funso la bukuli lachoka pa khalidwe la atsikana ndipo lapita pa nyumba ndi dziko zimene zikuwalera.

Lachitatu ndi Purple Hibiscus la Chimamanda Ngozi Adichie, lotuluka mu 2003. Kambili, wa zaka 15, ndi mtsikana amene nthano zakale zikadamutamanda: womvera, wakhama m'kalasi, wopemphera, wosakweza mawu. Adichie akuonetsa kuti kufatsa kumeneko ndi mantha, pakuti bambo wake Eugene, munthu wolemera ndi wolemekezeka mumpingo ndi mumzinda wa Enugu, amazunza banja lake kuseri kwa chitseko. Kambili akuphunzira kuseka ndi kuyankhula atapita kukakhala kwa azakhali ake Ifeoma ku Nsukka, m'nyumba yopanikizana koma yodzala ndi mikangano ya pachibale ndi nthabwala. Bukuli likukumbutsa makolo ndi aphunzitsi kuti mwana wachete sikuti nthawi zonse ali pamtendere.

Nkhani zisintha pamodzi ndi malamulo

M'dziko la Malawi zaka za m'ma 1990 zidabweretsa kusintha kumene nkhani zakale zija sizidakuyembekezere. Lamulo la kavalidwe lidathetsedwa mu 1993. M'chaka chomwecho boma lidalola kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu, ndipo mu 1994 maphunziro a kupulayimale adakhala aulere. Madzi otayika aja adayamba kuoleka. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la maukwati loika zaka 18 monga msinkhu wokwatiwa kapena kukwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene idamwalira mu 2025, idatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo idachita zimenezi ndi mphamvu ya ufumu wa makolo. Amene ankakonda kunena kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo adaona Joyce Banda akutsogolera dziko kuyambira 2012 mpaka 2014.

Nkhani zopeka nazo zidatsatira. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la UNICEF lidayambitsa timabuku ta zithunzi ndi makanema a mtsikana wotchedwa Sara, ofalitsidwa m'mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Sara, pamodzi ndi kanyani kake Zingo, amalimbana ndi kusowa kwa fizi, amazemba misampha ya zidyamakanda ndipo amapulumutsa anzake. Kwa ana ambiri aka kadali koyamba kuona mtsikana akugwira ntchito imene nthano inkaipereka kwa kamnyamata kosema chinguli.

Komabe nyengo yatsopanoyi idabwera ndi zikombole zakezake. M'nkhani zambiri zolembedwa pofuna kuphunzitsa anthu za Edzi, maukwati a ana kapena nkhanza, mtsikana amaoneka m'njira ziwiri. Mwina ndi wozunzika wosalakwa, wongolira kudikira womuombola, kapena ndi ngwazi yopanda banga, yokhoza mayeso onse, yoyankhula ngati chikwangwani cha pamsewu, imene imathera pa udokotala kapena uloya. Mlandu wachoka pamutu pake, ndipo chimenecho n'chabwino. Koma iye akadali phunziro loti ena atolepo nzeru, monga momwe adalili namwali wa fisi. Mtsikana wamba, wokhoza masamu koma waulesi pa Chingerezi, wokonda mpira wa manja, wansanje ndi mnzake lero n'kugwirizana naye mawa, wolakwitsa zinthu n'kuzikonza yekha, akadali wosowa m'mabuku a m'Chichewa. Nthondo adaloledwa kulakwa ndi kukula mu 1933, ndipo mlongo wake akuyenera kulandira mwayi womwewo.

Chotsalira kwa osimba nthano

Mbiri imeneyi sikutanthauza kuti nthano za makolo zitayidwe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo afisi ovala bwino akadalipo, ena ali pagalimoto, ena ali pafoni ya m'manja. Nthano ya mtsikana wokana amuna ikhoza kusimbidwabe, koma wosimba wanzeru akafika kumapeto angathe kufunsa ana mafunso amene kale sankafunsidwa. Kodi ankhoswe adali kuti pamene mlendo ankatenga mwana wa eni? Kodi mphatso za mlendoyo adalandira ndani? Nanga fisi uja, atalephera kudya namwaliyu, adapita kumudzi uti, ndipo adamuletsa ndani? Nthano sidalembedwe pamwala. Gogo aliyense ankaikometsera monga mwa nzeru zake ndi zosowa za adzukulu ake, ndipo n'chifukwa chake nthano imodzi imamveka mosiyana ku Ntchisi ndi ku Mulanje. Palibe mwambo woletsa kuti tsiku lina chinguli chisemedwe ndi namwali mwini wake.

Aphunzitsi a Chichewa ndi a Chingerezi ali ndi gawo lalikulu pano, pakuti iwo ndiwo amasankha sewero la pampikisano ndi mutu wa chimangirizo. Ophunzira aakazi akapatsidwa mpata wolemba za moyo wawo popanda kuuzidwa kuti nkhani ithere pa chilango kapena pa mphotho, adzatulutsa zinthu zimene alembi aamuna a zaka zapitazo sakadatha kuziganizira, monga momwe Emecheta ndi Dangarembga adachitira kwawo. Akale adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwa nthawi yaitali mtsikana wa m'nthano ankamva m'mimba, chitseko n'kumatsekulidwa ndi ena. Atsikana amene ali m'makalasi lero amadziwa kulemba, ndipo chimene akusowa ndi owerenga oleza mtima ndi osindikiza ofuna kumva zimene iwo anganene.